Kabuku ka pansi pa kauntala

Mwezi uno tifuna tikambirane za kabuku kena kamene ambiri a ife sitikonda kukaona. Ndi kope wamba la ana asukulu, lothimbirira ndi fumbi ndi mafuta ophikira, limene limakhala pansi pa kauntala m'golosale iliyonse kuyambira pa msika wa Tsangano mpaka ku Furancungo. M'menemo mumalembedwa maina a anthu otenga katundu pa ngongole.

Mayi wina wa kwathu anatsegula kagolosale atakolola bwino mbatata ya kachewere m'dimba lake. Tonse tinakondwera naye, ndipo ena tinapita kukamuyamikira tsiku loyamba. Zaka ziwiri zisanathe, mashelefu anali mbee, patangotsala machesi ndi mchere. Anthu anayamba kunena zambiri. Ena amati mwamuna wake ndiye anadya mpamba, ena amati wina wa nsanje anamuchita chipongwe cha usiku. Titapita kukacheza naye, sanatchule munthu aliyense. Anangotulutsa kabukuko nati, "Taonani nokha, bambo." Tinatsegula masamba. Munali alamu ake, malume ake, aphunzitsi, anyakwawa, amayi anzake oimba nawo kwaya. Pa tsamba lina tinapeza dzina la pakhomo pathu, pambali pake patalembedwa mapaketi awiri a shuga ndi botolo la mafuta. Tinali titaiwala kalekale, koma kope silinaiwale.

Kuti timvetse kulemera kwa nkhani imeneyi, tiyenera kukumbukira kuti munthu wakuda kukhala ndi sitolo m'dera lino ndi chinthu cha dzulodzuloli. M'nthawi ya Apwitikizi lamulo linkagawa anthu. Ambiri a makolo athu ankawerengedwa kuti ndi indígena, kutanthauza mbadwa yopanda ufulu wa nzika, yoyenera kupereka msonkho ndi kugwira chibalo. Lamulo limeneli linathetsedwa mu 1961, patangotsala zaka 14 kuti dziko lilandire ufulu. Masitolo a m'midzi, aja ankatchedwa kantina, anali m'manja mwa Apwitikizi ndi Amwenye. Gogo wathu ankabwera ndi chimanga kapena nyemba pamutu, mwini kantina ankayeza yekha, natchula mtengo yekha, ndipo kawirikawiri ankalipira ndi nsalu ndi mchere wa m'sitolo yake yomweyo. Luso losunga mabuku, lodziwa kopikula katundu ndi lowerengera phindu linkakhala mbali ina ya kauntala, ife tili mbali inayo.

Ufulu utabwera mu 1975, eni makantina ambiri anachoka. Boma latsopano linakhulupirira kuti malonda ndi ulimi waukulu ziyenera kuyendetsedwa ndi boma. Kunabwera masitolo a anthu onse otchedwa Lojas do Povo, ndipo kuno kumapiri kunali munda waukulu wa boma wotchedwa CAIA. Zonsezi sizinakhalitse. Nkhondo inafika, masitolo anatenthedwa, ng'ombe zinatengedwa, ndipo midzi yathunthu inasamukira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anabwerera kudzapeza tchire pamene panali nyumba. Ngakhale pambuyo pake, mu 2015 ndi 2016, mabanja ena a ku Moatize ndi Tsangano anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza. Choncho mukaona mnyamata ali ndi chigayo ku Macanga, kapena mayi ali ndi lole yonyamula kabichi, dziwani kuti sanalandire zimenezo kwa atate ake. Wayambira pa dothi, ndipo alibe pogwira china chikagwa.

Dziko lathu si losauka ayi. Mvula imagwa bwino pamapiri pano, ndipo nthaka ndi yachonde. Tsangano amadziwika ndi kachewere, tirigu, nyemba, kabichi, tomato ndi mapichesi. Macanga amadziwika ndi fodya, chimanga ndi soya. Munthu woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza, umene m'malo ena ndiwo malire a maiko awiriwa, amaona matumba a mbatata ataunjikidwa pa Tsangano Turn-off ndi pa Lizulu, ndipo gawo lina la mbatatayo limachokera m'minda ya mbali ya Mozambique. Tchipisi wambiri wokazingidwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe anayambira m'madimba a kuno. Nanga bwanji alimi ndi ochita malonda athu sakukwera monga mmene thukuta lawo liliri?

Chopinga choyamba ndi mpamba. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ya Mozambique ndi ya boma, ndipo singagulitsidwe kapena kuperekedwa ngati chikole. Munthu amakhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene umatchedwa DUAT. Lamuloli lili ndi ubwino wake waukulu, pakuti limazindikira malo a makolo ngakhale palibe pepala, ndipo limateteza mlimi kuti asalandidwe munda chifukwa cha ngongole. Koma zotsatira zake ndi zakuti mlimi wa mahekitala asanu obereka bwino akalowa m'banki amakhala ngati wopanda kanthu. Banki imafuna nyumba ya mapepala, galimoto, kapena malipiro a pamwezi. Ndipo ngakhale atapatsidwa ngongoleyo, chiwongoladzanja ndi choopsa. Mu 2023 chiwongoladzanja choyambira cha mabanki a Mozambique chinapitirira 20 pa 100 iliyonse pachaka, ndipo wamalonda wamng'ono amalipitsidwa choposa pamenepo. Mu 2016 boma linayambitsa ndondomeko yoti boma lililonse laling'ono likhale ndi banki yake, ndipo M-Pesa ndi e-Mola zafupikitsa ulendo wotumiza ndalama. Zimenezi n'zothandiza ndithu. Koma foni imangosunga ndi kutumiza zimene munthu ali nazo kale. Wofuna matumba khumi a feteleza mwezi wa Novembala amatherabe kwa wakatapila.

Chachiwiri ndi malire. Kwa ife a kumalire, msika wapafupi uli ku Malawi, ndipo m'midzi yambiri kwacha imayenda mofanana ndi metikali, mwina kuposa. Pamene boma la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mlimi wa ku Tsangano amene anasunga ndalama za mbatata m'makwacha anadzuka m'mawa chuma chake chitaphwa, iye osalakwa kanthu. Mu Marichi 2025 boma la Malawi linalengeza zoletsa kulowetsa m'dzikomo katundu wina wakunja, kuphatikizapo kachewere, anyezi ndi adyo. Sitikuweruza boma la abale athuwo, pakuti nalonso limafuna kuteteza alimi ake. Tikungosonyeza kuti chigamulo chopangidwa ku Lilongwe chikhoza kuwoletsa mbatata m'munda wa ku Tsangano. Msika wina uli ku Tete ndi ku Moatize, kumene migodi ya malasha inabweretsa anthu ambiri ogula chakudya kuyambira cha m'ma 2011. Koma kuti katundu afike kumeneko pafunika galimoto ndi msewu wabwino, ndipo m'dzinja misewu yathu ya dothi tonse tikuidziwa. Mwini lole ndiye amatchula mtengo, monga ankachitira mwini kantina uja.

Za fodya sitichulutsa mawu. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale yake mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, nidula ndalama zake pogula fodyayo. Kwa alimi ambiri a ku Macanga iyi ndiyo ngongole ya ulimi yokhayo imene anaionapo, ndipo malata ambiri a m'midzi anachokera m'menemo. Komabe wogula akakhala mmodzi, mlimi alibe kwina kopita akapanda kukhutira ndi giredi. Ndalamanso zimabwera kamodzi pachaka ngati madzi osefukira, kenaka miyezi isanu ndi itatu ya chilala. M'miyezi ya chilalayi ndi mmene kabuku kaja kamadzaza.

Zopinga zimene tatchulazi si ife tinaziika, ndipo sitingazichotse mawa m'mawa. Tiyenera kupitiriza kuzinena kwa atsogoleri athu m'misonkhano ya boma. Koma pali nkhani ina imene tiyenera kuiyang'ana mopanda kudzikhululukira.

Mu 2006 boma la Pulezidenti Armando Guebuza linayamba kupereka mametikali 7 miliyoni ku boma lililonse laling'ono chaka ndi chaka. Patapita nthawi pang'ono ndalamazi zinakhala thumba la ngongole lothandiza anthu kulima chakudya, kuyamba malonda ndi kulemba anzawo ntchito. Cholinga chinali chakuti wobwereka abweze, kuti ndalama yomweyo ikathandize wina. Kwa nthawi yoyamba munthu wa kumudzi wopanda chikole akanatha kupeza mpamba wa chigayo, wa nkhuku kapena wa pampu yothirira. Alipo amene anapindula nazo moona. Koma m'dziko lonse, obweza anali ochepa kwambiri. Panali zifukwa zambiri: kukondera posankha olandira, kusowa kwa aphungu a zamalonda, ndi mapulani olembedwa mothamanga. Koma chifukwa china tinkachimva ndi makutu athu pa maliro ndi pa misika, chakuti "ndi ndalama za boma, ndani anabwezapo?" Amene sanabweze sanalande boma la ku Maputo. Analanda mnyamata wa m'mudzi mwake amene dzina lake linali lotsatira pa mndandanda. Mu 2025 boma la Pulezidenti Daniel Chapo linakhazikitsa thumba lina lofanana nalo, lotchedwa FDEL. Ngati mtima wathu pa ngongole uli womwe uja, nalonso lidzaphwa ngati chitsime cha m'chilimwe, ndipo tidzati boma silitiganizira.

Mtima umene unapha thumba lija ndi womwewo umene unatseka golosale ya mayi uja. Tiyerekeze chabe. Mayi wapikula katundu wa mametikali 10,000 ku Vila Ulongué, ndipo akagulitsa yense adzapeza 11,500. Pa 1,500 yapamwambayo achotsepo ya thiransipoti, yobwereka nyumba ndi ya chiphaso cha pamsika. Tsono abale atatenga katundu wa 2,000 pa ngongole n'kukhala chete miyezi itatu, phindu lonse lapita ndipo mpamba wayamba kudyeka. Ulendo wotsatira apikula wa 9,000, wotsatirawo wa 7,500. Ogula ndi ndalama akaona kuti mashelefu ayamba kuyera amapita kwina, ndipo otsala ndi aja a ngongole okhaokha. Palibe mfiti imene yafika apa. Ndi shuga wathu uja, sopo wa alamu ndi mafuta a malume.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kwa mlendo sitichita zimenezi. Tikalowa m'sitolo ya munthu wochokera kutali timatulutsa ndalama osanyinyirika, chifukwa tikudziwa kuti sangatimvere za chibale. Koma kwa mwana wa mlongo wathu timafika manja m'thumba ndi mawu akuti, "Iwe, tandipatsako, ndidzakuona fodya akatuluka." Akakana timati wayamba kunyada, waiwala amene anamulera. Akavomera, fodya amatuluka, timagula wailesi ndi njinga, ndipo podutsa pagolosale pake timayang'ana kumbali. Kenaka timadabwa kuti malonda a alendo amakula pamene a ana athu amafa, n'kumati anthu akuda sitidziwa bizinesi. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, koma mwambiwu sunanenedwe kuti ukhale chiphaso chodyera mpamba wa mbale.

Tisamveke ngati tikuletsa kuthandizana. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka, kabuku kaja kamapulumutsa mabanja, ndipo mwini golosale wa mtima wabwino ndi dalitso pamudzi. Mkazi wamasiye amene alibedi pogwira ndi udindo wa banja lonse ndi mpingo wonse, osati wa munthu mmodzi chifukwa choti ali ndi shelefu. Chimene tikunena n'chakuti m'dera limene munda si chikole ndipo banki ili kutali, chuma chenicheni cha wamalonda ndi mawu a anansi ake. Ngati mawu athu akuti "ndibweza Loweruka" ali oona, iye akhoza kukongoza, kupikula ndi kukula. Ngati ali a bodza, palibe thumba la boma kapena bungwe lakunja limene lingamuimike.

Umboni wakuti tikhoza kusunga mawu ulipo pakati pathu pomwe. Taonani magulu a banki m'khonde, amene mbali ya Mozambique amatchedwanso magulu a poupança. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo inafalikira m'maiko ambiri a Africa. Anthu 15 mpaka 30, makamaka amayi, amasonkha sabata ndi sabata m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Amabwereketsana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana okha, ndipo pakutha pa chaka amagawana zonse. Amayi omwewo amene maina awo amagona m'kabuku ka golosale, ku gulu amabweza pa tsiku lake. Chifukwa chiyani? Ndalama zimawerengedwa poyera, lamulo linagwirizanidwa pachiyambi, ndipo wochedwa amayang'anizana ndi anzake makumi awiri, osati ndi mphwake mmodzi wamanyazi. Tikuona kuti vuto lathu si umphawi wokha. Ndi chizolowezi chakuti ngongole ya kwa mbale si ngongole.

Kwa inu amene muli ndi malonda, tili ndi mawu ochepa. Lekanitsani thumba la golosale ndi thumba la pakhomo. Mwana akatenga sopo wa kunyumba, zilembedwe monga za wogula wina aliyense, ndipo inu mudzilipire malipiro odziwika pamwezi. Ikani malire a ngongole, ndalama zake ndi tsiku lake, ndipo muwanene pachiyambi pamene nkhope zili zosekerera. Amene mumagulitsa m'makwacha, musagoneke ndalama zambiri nthawi yaitali. Zisandutseni katundu, feteleza kapena mametikali. Musaope mapepala. Nambala ya msonkho ya NUIT ndiyo khomo lolowera ku akaunti ya banki ndi ku malonda ndi masukulu, zipatala kapena makampani, ndipo kuyambira 2009 pali msonkho wapadera wa amalonda ang'onoang'ono wotchedwa ISPC, umene unapangidwa kuti ukhale wosavuta kuwerengera. Pitani ku ofesi ya zachuma ya boma lanu mukafunse mmene ukuyendera tsopano. Wopanda mapepala amagulitsa kwa mavenda okha, pa mtengo wa mavenda.

Alimi a kachewere, mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga ukukhudzani kwambiri. Mlimi mmodzi wa matumba khumi sangabwereke lole yopita ku Tete, koma alimi khumi ndi asanu angathe. Venda akafika pamunda ndi thumba lake losokerera pamwamba, lija limadya ndowa zoonjezera, mlimi mmodzi sangakane chifukwa mnansi wake avomera. Mudzi wonse ukagwirizana kugulitsa pa sikelo, vendayo alibe kochitira. Tikudziwa kuti magulu ambiri otere anafa chifukwa msungichuma anadya ndalama, ndipo n'chifukwa chake anthu amachita mphwayi. Mankhwala ake ndi omwe aja a bokosi la maloko atatu: kuwerenga poyera, kulemba zonse, ndi kusankha atsogoleri chifukwa cha kukhulupirika kwawo, osati chifukwa ndi a banja la mfumu.

Pakati pathu pali aphunzitsi opuma ntchito, akalaliki akale a m'maofesi, ndi achinyamata amene anamaliza sukulu koma ali pakhomo. Ambiri a amayi ochita geni sanapite patali ndi sukulu, ndipo mapepala a boma ali m'Chipwitikizi chimene ena a ife, amene tinakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, sitichidziwa bwino. Madzulo amodzi pa mwezi ophunzitsana kulemba zolowa ndi zotuluka, kapena kuperekeza mayi ku ofesi kukamuwerengera fomu, ndi thandizo loposa mawu ambiri olimbikitsa. Ndiponso pamene tikumanga, tikukonza ukwati kapena msonkhano waukulu, tiyambe tafunsa ngati mmisiri, telala kapena wophika buledi wa kwathu angathe ntchitoyo, ndipo tikam'patsa timulipire mtengo wake wonse. Mawu akuti "tichitireni mwa chibale" kapena "ndi ntchito ya mpingo" aphetsa amisiri ambiri. Wofuna kupereka mphatso apereke mwa kufuna kwake. Tisamulande mwa kumuchititsa manyazi.

Nkhani ya nsanje tingoikhudza. Munthu akagula chigayo chachiwiri, timayamba kunong'onezana kuti anakhwima, kuti pali mwana amene anamupereka. Mabodza otere athamangitsa anthu akhama kupita ku Tete, ku Lilongwe ndi ku Joni, ndipo ntchito zimene akanalemba ana athu zinapita nawo. Ena amabisa chuma chawo, osafuna kumanga kapena kukuza malonda, poopa pakamwa pathu. Amene anamuona akudzuka m'bandakucha kukathirira dimba m'chisanu cha Juni ali ndi udindo wonena zimene anaona pamene miseche yayamba.

Tibwerere kwa mayi uja. Tinakalipira shuga ndi mafuta athu sabata yomweyo, mwamanyazi ndithu. Anatilola kuti titenge kabukuko, ndipo pamodzi ndi amayi awiri achikulire tinayenda khomo ndi khomo, mopanda phokoso ndi mopanda kutchula dzina la munthu pagulu. Ena analipira pomwepo, napepesa kuti anaiwala monga ife. Ena anapereka nyemba ndi chimanga m'malo mwa ndalama. Ena anapsa mtima, ndipo mmodzi mpaka lero satipatsa moni. Zimene zinabwerera sizinafike theka la zolembedwa, koma zinakwanira kupikula katundu pang'ono. Pakali pano akugulitsa pa tebulo kutsogolo kwa nyumba yake, ndipo wagula kope latsopano limene tsamba lililonse lili ndi malo olembapo tsiku lobweza.